Woyamba Kugwidwa

Ndinataya mkazi, mwana amene anali m'mimba, ndi Loweruka lathu.

Chisamukireni kuchokera ku Zomba, boma litabweretsa maofesi athu ku Lilongwe, Loweruka lililonse tinkapita kukanema ku Old Town. Esnati ankakonda mafilimu otchipa aja, a mizukwa ya nkhope zapulasitiki ndi a apolisi ofufuza zigawenga. Munthu akabayidwa, iye ankaseka n'kunena kuti magaziwo ndi tomato. Apolisi akagwira munthu filimu itangoyamba, ankanditsina pamkono: "Woyamba kugwidwa sakhala iye." Loweruka lomaliza, tikubwerera, munthu anatuluka m'udzu pafupi ndi mlatho, n'kumutema ndi chikwanje paphewa, n'kuthawa ndi chikwama chake chofiira. Ine ndinangoona msana.

Tsiku la maliro ndinadzuka kusanache, pamkeka panja, pakati pa amuna ochezera. M'nyumba amayi a mpingo anali atasasa mawu. Kuseri moto unali utayaka kale. Mvula inagwa usiku, choncho anthu ankafika ndi matope ofiira mpaka m'akakolo, anzanga a ku Capital Hill ndi mataye awo, abale ake a kumudzi panjinga.

Dzuwa litakwera kunamveka phokoso kumsewu. Alamu anga analowa akukoka munthu womangidwa ndi chingwe cha mbuzi. Anamupeza kumsika akugulitsa chikwama chofiira. Anamugwetsa pafupi ndi moto n'kuyamba kumumenya ndi nkhuni. Wina anamuponda pakamwa, mano n'kugwera m'matope. Mayi wina ankabwera ndi mphika wa madzi owira. Nyimbo inaleka.

Malume ake a Esnati anakweza dzanja.

"Akamwini, munaliko ndinu. Ndi ameneyu?"

Mlamu wanga wamkulu anali atanyamula kale khasu m'mwamba.

Ndinkafuna kuti akhale iye. Ndinayang'ana msana wake. Unali msana ngati wa munthu aliyense. Zikwama zotere zinali mbwee m'masitolo. Pamkono ndinamva ngati wina wanditsina.

"Sindinamuone nkhope, apongozi."

"Sukulu inakuphani mtima, alamu," anatero mlamu wangayo, n'kulavula pafupi ndi nsapato zanga. Khasu analiponya pansi.

Anzanga a kuntchito anamukweza munthuyo m'galimoto n'kupita naye kupolisi. Mpaka lero sindidziwa ngati anali iye.

Bokosi tinalikweza palole. Tinadutsa pamlatho womwe uja, amayi akuimba, lole ikuterereka njira yonse mpaka kumudzi kwawo. Kumanda palibe wa kwawo amene anaima pafupi nane. Nditaponya dothi, palibe anandiuza kuti ndigone kumudziko.

Ndinabwerera madzulo. Nyumba inali zii, pabwalo phulusa lokhalokha. M'bafa malaya amene ndinavala Loweruka lija anali akadali m'beseni, madzi ake ofiira. Ndinakhala pansi pomwepo. Pamlatho paja ndinamugoneka Esnati pamiyendo panga, ndikutseka bala ndi malaya amenewa. Iye anaona manja anga, n'kuyesa kuseka.

"Musalire, inu. Ndi tomato chabe."