Magazi a Mkamwini

Namwino anakokera pansi chikope cha mkazi wanga. M'kati munali mbee.

"Magazi achepa kwambiri. Munali kuti masiku onsewa, bambo?"

Ndinali m'chigafa kwathu ku Chulu, kusankha fodya. Mkazi wanga anagwera momwemo, masamba ali m'manja. Milungu itatu ndinakhala ndikumuwiritsira masamba a mapeyala, otsala n'kumamwa ndekha. Madzi ake amafiira, ndiye kwathu timati amabwezera magazi. Amayi anga ankatero. Ine ndine yani kuti nditsutse?

Pabenchi panja, mkamwini wanga anatsegula kalasi. Ndi mphunzitsi wa sekondale. Tayi savula ngakhale kudimba.

"Bambo, si chofiira chilichonse chili magazi. M'magazi muli kanthu kotchedwa himogulobini. Kali ndi mbali zinayi, mbali iliyonse ndi kachitsulo kake. Kachitsuloko kamanyamula mpweya m'mapapo n'kukautula m'thupi monse."

"Ngati ngolo."

"Eya, ngolo! Amayi ngolo zawachepera."

"Zikomo aphunzitsi. Ine ndimayesa akudwala."

Sanamve. Anthu ophunzira samva.

"Ndipo kuli nsomba, bambo, kunyanja yakutali kumene madzi amachita kuundana. Kumeneko magazi akachuluka zofiira amalimba ngati phala, mtima n'kumavutika kupopa. Ndiye nsombazo himogulobini zili nayo pang'ono. Zina zilibiretu! Magazi ake oyera ngati madzi. Madzi ozizira amasunga mpweya wambiri, umangolowa wokha m'thupi."

"Ndiye apongozi anuwo tikawaponye m'damu mwezi wa Juni?"

Asanayankhe, namwino anatulukira. "Pakufunika paketi imodzi ya magazi lero lomwe. Achibale, apereka ndani?"

Ndinaimirira. Kwathu amati ukapereka magazi mphamvu ya khasu imatha, ndi ina ija ya m'nyumba. Pamsinkhu wanga, ya m'nyumbayo inatsazika kale yokha. Anandibaya chala, n'kuyeza.

"Bambo, anuwa sakukwanirani ndi eni ake omwe. Mumadya chiyani?"

"Masamba a mapeyala," anandiyankhira mkamwini.

Anamubaya iyenso. Ake anali ochuluka, mtundu wake wogwirizana ndi wa wodwala. Nkhope ya aphunzitsi inatuwa. Munthu wodziwa nsomba za kumathero a dziko, singano ankaiopa ngati mwana wa kusikelo. Tayi uja anamasulidwa. Thukuta kamukamu. Anafunsa njira ya kuchimbudzi.

Ndinadziwa kuti wathawa. Mawu okauza mwana wanga za mwamuna wakeyo ndinali nditawasanja kale, okoma bwino.

Anabwerera. Anagona pabedi, maso ali tsinzinu, milomo ikunjenjemera ndi pemphero. Za nsomba sanatchulenso. Paketi inadzadza.

M'mawa mwake mkazi wanga anadzuka n'kukhala tsonga. Zikhatho zinali zitayamba kufiirira. Choyamba kufunsa: fodya uja ndamusiyira yani? Anandikalipira pamaso pa wodi yonse. Pamenepo ndinadziwa kuti wachira.

Mkamwini ndinamupeza pabenchi lomwe lija, thonje lidakali pamkono. Anaimirira mwaulemu, chipewa m'manja.

"Bambo, amayi adzuka bwanji?"

Ndinangogwedeza mutu, kusonyeza kuti ali bwino.

"Ndiye kuti ngolo zafika," anatero, akumwetulira pang'ono. Anadikira zikomo wanga.

Ndinamuyang'ana. Ndinayang'ana thonje lija. Njinga yanga inali pansi pa mtengo wa mango. Ndinaitenga, n'kuikankha kulowera kugeti.