Tsache pa Manda a Agogo a ku Serbia

Malire atatsekedwa chifukwa cha Kovidi, amuna anga anayamba kufufuza mbiri ya agogo awo aamuna, amene anachokera ku Serbia kudzagwira ntchito m'mafakitale a ku Kwinana, tauni ya m'dziko lakunja limene tikukhala. Achibale ankangoti malemuwo sankakamba zakwawo. Ngakhale dzina la mudzi wawo palibe amene ankalidziwa.

Manda awo tinawapeza ku Rockingham, pafupi ndi Kwinana, atakwiririka ndi masamba ouma. Zinandipsetsa mtima. M'mawa mwake ndinabwererako ndekha ndi tsache, n'kuyamba kusesa monga timachitira kwathu.

Mwezi womwewo bambo anga anali ataikidwa ku Dedza, ine ndikungoonera pafoni. Nditamaliza kusesa, ndinakhala pansi n'kulira mokweza. Bambo anga ndinawalirira pamenepo, pa manda a munthu amene sindinamuonepo.