Nsalu Sithawa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chosamvetsa mawu. Chaka chimene nsomba zinasowa kunyanja ya Chiuta, bambo anandiuza mosabisa kuti bwato limodzi silingadyetse amuna awiri. Ndinapalasa njinga mpaka ku Insaca, ndipo pamsika ndinamva kuti Abiti Mussa akufuna munthu wopeta. Ndinati mumtima, mpunga ndi lichero, chovuta n'chiyani? Nditafika pakhonde pawo lichero sindinalione. Panali singano, ulusi wamitundumitundu ndi zisoti zoyera zovala kumzikiti. Kupeta kwake kunali kwa nsalu.

"Singano mumaidziwa?" anandifunsa.

"Ndimasoka ukonde, amayi."

"Basi, khalani pansi tione."

Manyazi anandigwira, koma kubwerera kwa bambo chimanjamanja ndiye ayi. Ndinakhala pansi.

Anandiyambitsa ndi timfundo tozungulira tomwe timadzaza maluwa a pamwamba pa chisoti. Nsalu umaikunga pa basitidoru, kamkombero kathabwa. Singano imatuluka kuchokera pansi, umaikulunga ulusi kawiri, kenako umaibaya pambali pang'ono pa pomwe inatulukira. Ukabwerera pabowo lomwelo, mfundo imagwera kuseri. Dzanja lamanzere limagwira ulusi mofatsa mpaka singano itadutsa yonse. Zonsezi mutu unamva msanga, koma manja anga anali ndi mwambo wawo. Kunyanja mfundo iliyonse umaikoka mpaka ilire, apo ayi mlamba ukuseka. Abiti Mussa akandiyang'ana ndinkafewetsa dzanja. Akangotembenuka, msodzi uja ankadzuka.

Tsiku lovuta linabwera ndi Che Adamu, mkulu wina wa ku Amaramba. Mwana wawo ankakwatira mawa lake, ndipo chisoti cha mkwati ankadzachitenga madzulo asanakwere chapa, minibasi yobwerera kwawo. Abiti Mussa anali ndi diresi la mkwatibwi pamakina, choncho maluwa anandisiyira ine. Ndinapeta m'mawa wonse mtima uli m'malo. Koma nditamasula basitidoru, nsalu inakhwinyata ngati matemba ouma. Mfundo iliyonse inali itakoka nsalu kumbali yake.

Abiti Mussa anaitembenuza uku ndi uku. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Jafali, mfundo ya ukonde imagwira chinthu chothawa. Nanga nsaluyi ikuthawirani kupita kuti? Yonga iyi ndilibenso ina. Chisoti chikapanda kutuluka lero, mubwerere kubwato."

Ndinapsa mtima, osati ndi iwo, koma ndi manja angawa. Ndinatenga lumo n'kudula mfundo imodziimodzi kuseri, mosamala kuti ndisaboole nsalu. Ndinatola tizidutswa ta ulusi, ndinawaza madzi, ndinasita ndi simbi ya makala mpaka timabowo tinatsekeka. Kenako ndinakunganso n'kuyamba pachiyambi. Chakudya chamasana sindinachione n'komwe. Pa mfundo iliyonse ndinkadzinong'oneza kuti, "Sithawa," ndipo ndinkaleka kukoka ulusi ukangogona pansalu. Anyamata a njinga zamoto ankadutsa akundiseka kuti mwamuna mzima wagwira singano ya amayi. Sindinadzutse mutu.

Che Adamu anafika Abiti Mussa akumaliza kulumikiza chapamwamba ndi m'mbali. Anayendetsa chala chachikulu pamaluwawo pang'onopang'ono.

"Timfundo tagona bwino ngati mapira. Wapeta ndani?"

"Msodzi," anatero Abiti Mussa, osandiyang'ana. "Mawa abwere m'mawa, kuli zisoti za Idi."

Msana unkandiwawa, koma ndinatuluka pakhondepo ndikuseka ndekha ngati wamisala.

Ndikupetabe mpaka lero, ndipo amene ndimawaphunzitsa ndimayamba ndi kuwafunsa ntchito imene manja awo ankagwira kale, chifukwa ndiyo idzawavutitse. Mphamvu sizikhala zofanana pa ntchito zonse. Uyambe wafunsa ngati chimene wagwiracho chikuthawa. Ulendo wina ndili kumudzi ndinathandiza bambo kusoka ukonde. Anakoka mfundo yanga imodzi n'kupukusa mutu.

"Iwe, kokatu! Izi ndi nsomba."

Anali atavala chisoti chimene ndinawapetera.