Aliyense M'njira Yake

Lero m'mawa aneba anga kuno ku Embakasi apaka polishi wofiira pakhonde. Fungo lake landibwezera ku Buruburu, dera lina la mumzinda womwe uno, chaka chimene adadi anakanditenga ku Zomba amayi atamwalira.

Chiswahili sindinkachidziwa, choncho ana anzanga panja ankangondiyang'ana. Mnzanga anali wa pa TV, mtsikana wa ku Holland wovala zothina za olenji, wothamanga pa ayezi ndi nsapato zokhala ngati zili ndi mipeni kunsi. Ndinkavala masokosi a adadi n'kumatsetsereka pasimenti yopaka polishi, nditawerama ngati iyeyo, mpaka kukagunda kabati.

Pampikisanopo ankathamanga awiriawiri, ndipo akafika pena ankasinthana njira. Ine ndinkayesa kuti ndi anthu ogwirizana, akupatsana mpata. Ndinkamusirira mtsikanayo kuti ali ndi mnzake.

Tsiku lina anamusiya mnzakeyo kutali, koma atamaliza anayang'ana m'mwamba, n'kugwira kumaso, n'kuyamba kulira.

"Adadi, si wapambana? Nanga akuliriranji?"

Adadi anali pampando, nsapato za kuntchito asanavule n'komwe. "Sakupikisana ndi mnzakeyo, mwana wanga. Aliyense akulimbana ndi wotchi. Ena amene athamanga kale amuposa."

"Ndiye mnzakeyo ntchito yake n'chiyani?"

Adadi anawerama n'kuyamba kuvula nsapato zija. Kenako anati, "Mwina kuti asathamange yekha."

Ndinakwiya, ndinavula masokosi aja n'kuwaponya kuseri kwa kabati. Ndadzamvetsa ndili wamkulu kuti chaka chimenecho ine ndi adadi tinkalira munthu mmodzi, m'nyumba imodzi, koma aliyense m'njira yake.