Munda wa Aphunzitsi

Pa pulazi yathu, kufupi ndi Macheke, aphunzitsi sankakhalitsa. Inali nthawi ya Chitaganya. Ine ndinkagwira ntchito m'minda ya fodya, mkazi wanga ankasankha masamba m'shedi, ndipo mwana wathu woyamba, wamkazi, anali atangoyamba sukulu.

Sukuluyo inali balani lakale la fodya lomwe anagumula khoma limodzi kuti muziwala. Mphunzitsi woyamba anakhala miyezi inayi n'kupita ku Halale. Wachiwiri anatsanzika kuti akukaona mlongo wake ku Shamva. Anapeza ukalaliki pa mgodi, ife anatitumizira moni.

Boma linkati sukulu ya pa pulazi ndi nkhani ya mwini pulazi. Mzunguyo ankati iye wapereka balani, nyumba ndi phoso, zotsalazo n'zathu, pakuti anawo tinabereka ndife. Pamenepo sananame.

Wachitatu anali wakwathu ku Nyasalandi, wowonda ngati mpini, wa tayi imodzi. Atafika, amuna a pakomboni tinakhala pansi kuti tione chomumangira. Wina anati timugulire njinga. Foromani anamufunsa ngati akufuna kuti munthuyo athawe msanga. Wina anati timupatse mkazi, koma aliyense anatchula mwana wa mnzake. Ine sindiyankhula pa misonkhano. Tsiku limenelo ndinayankhula. Ndinati munthu amene wadzala sachoka asanakolole, ndiye timulimire munda.

Mzungu anavomera msanga kwambiri moti ndikanayenera kukayikira. Anatipatsa malo a m'munsi mwa phiri, omwe iye anawasiya chifukwa cha anyani.

Tsiku lopuma linali limodzi, Lamulungu. Anzathu achisilamu anati iwo azilima m'mawa ife tili ku tchalitchi, ife tizilandira makasu tikaweruka. Zinatero. Iwo ankalima kuli kamphepo, ife dzuwa lili paliwombo. Amuna angapo a mpingo wathu anayamba kunena kuti Chisilamu si choipa ayi.

Mankhwala anagwira. Aphunzitsi sanachoke. Chaka choyamba nkhokwe yawo inadzaza. Chachiwiri anapempha kuti tiwonjezere mtedza. Chachitatu khosi linakula, tayi anaivula, ndipo phoso likatithera ankatigulitsa chimanga chomwe tinalima tokha. Komabe tinkanyada. A mapulazi oyandikana ankabwera kudzafunsa kuti mphunzitsi timamusunga bwanji, ndipo anthu ankawalozera kwa ine.

Mwana wanga anafika Sitandade 3, kalasi yomaliza pa pulazipo. Kupitirira apo kunali ku mishoni, ndipo kumeneko ankatenga okhawo okhoza mayeso awo a kumapeto kwa chaka. Wolephera ankadziwa kolowera: m'shedi, pambali pa amake, kusankha fodya mpaka chifuwa chitamupeza. Foromani anali atandiuza kale kuti mwanayo ali ndi manja abwino.

Tsiku lina mu Januwale, nditaweruka, ndinamulembera samu yogawa pansi ndi kamtengo. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2 kwathu, koma kugawa ndinkakudziwa. Anaiyang'ana samuyo ngati ndamuonetsa njoka. Ndinamupatsa chitini kuti awerenge Chingerezi cholembedwapo. Anawerenga mawu awiri.

Ndinafunsa kuti nanga ku sukuluko amachitako chiyani. Anayankha ndi amake. Anati m'mawa amaimba nyimbo imodzi, kenako onse kumunda. Nyengo yopalira amapalira, chimanga chikabereka amaingitsa anyani. Aphunzitsi amalitcha phunziro la zaulimi. Mwanayo anawonjezera monyada kuti m'kalasi monse palibe womuposa poimba chitini choopsezera anyani, ndipo sileti anagendera nyani wamkulu chaka chatha. Ndinafunsa amakewo kuti bwanji sanandiuze kale. Anati akazi onse a pakomboni akudziwa, koma munthu wanzeru amene anayambitsa mundawo sanawafunsepo.

Ndinapita kwa aphunzitsi. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza.

"Aphunzitsi, mwana wanga sadziwa kugawa."

"Achimwene, kugawa kumabwera ndi msinkhu. Ena amafika pa ukwati asanakudziwe."

"Nanga mayeso a ku mishoni?"

"Chaka n'chachitali. Khalani pansi, idyani mtedza."

Ndinadya. Unali wa m'mizere yanga. Ponditsanzika anandiuza mwaulemu kuti ku mgodi wa Mhangura akuwafuna kwambiri, kungoti iwo amatikonda.

Lamulungu lotsatira m'mawa ndinakhala pakhomo, khasu ndalipachika padenga. Asilamu ankadutsa kupita kumunda. Telala wa pakomboni, yemwe ankawatsogolera, anaima n'kufunsa ngati ndikudwala. Mwana wake anali kalasi imodzi ndi wanga. Ndinalemba samu yomwe ija pansi n'kumuuza kuti akamuyese mwanayo. Anabwerera kwake. Atabweranso analibe khasu.

Masiku amenewo tinkamva za masitalaka a m'matauni. Ife mzungu sitinamuchitirepo sitalaka ngakhale tsiku limodzi. Tinachitira mphunzitsi. Ana tinawauza kuti akatumidwa kumunda azibwera kunyumba.

Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, udzu sunachedwe. Litadutsa Lamulungu lachiwiri, aphunzitsi anavala tayi, yomwe tsopano inkalekeza pachifuwa, nabwera pakhomo pa foromani atanyamula sutikesi. Tonse tinasonkhana. Anati atopa ndi anthu osayamika, akupita.

Mantha ndinali nawo. Iwo akanachoka, panalibe wophunzitsa, panalibenso wolemba kalata yoti mwana akalembe mayeso. Mkazi wanga anandinong'oneza kuti munthuyo akapita, sadza ndizidziphikira ndekha mpaka kufa. Anthu onse ankayang'ana ine.

"Pitani bwino, aphunzitsi," ndinatero. "Basi imadutsa Lachitatu."

"Nanga chimanga changa?"

"Icho sichinatsanzike. Chitsala."

Anaima akuyang'ana kuphiri. Chaka chimenecho chimanga chinali chabwino, chobiriwira bii ngakhale chinali m'udzu. Ndinawaona akumeza malovu. Anatsitsa sutikesi n'kupempha mpando.

Tinagwirizana chonchi. Ana azikhala m'kalasi kuyambira belu mpaka masana. Kupalira n'kwathu, Lamulungu, monga kale. Anyani tinawasiyira madala atatu, matchona omwe analibe mphamvu za fodya komanso analibe kwawo kobwerera, ndipo pokolola aphunzitsi aziwagawira. Pa mfundo yomalizayi aphunzitsiwo anadandaula kuposa zonse. Ine ndinagula sileti ina ndipo ndinati Loweruka lililonse ndiziiona.

Chomwe chinandiwawa kwambiri n'choti munthuyo kuphunzitsa ankakudziwa. Ankangofunika kumutsekera m'balani. Pofika m'nyengo yozizira mwana ankagawa manambala omwe ine sindinawaonepo. Loweruka ndinkaigwira siletiyo, kuiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti pano ayesetse. Amake ankatuluka panja kukaseka.

Mu Novembala ndinamuperekeza ku mishoni. Tinayenda wapansi, nsapato zobwereka atazinyamula kumanja kuti zisathe. Ndinakhala pansi pa mtengo tsiku lonse. Atatuluka ndinafunsa kuti zayenda bwanji. Anati samu zinali bwino, koma Chingerezi chinamugwira pakhosi.

Yankho linabwera Khirisimasi isanafike. Aphunzitsi anabwera nalo okha, akuyenda ngati analemba ndi iwo. A ku mishoni anamutenga mwanayo. Dzina lake linali lachiwiri kuchokera pansi. Ndinawauza kuti pansi kapena pamwamba, pepala ndi lomwelo.

Anzake atatu analephera. Chaka chimodzi sichinakwanire kubweza zaka zitatu zomwe anathera kuphiri. Mmodzi mwa iwo anali mwana wa telala. Analowa ntchito ya fodya Januwale yemweyo, ndipo bambo ake anatha nthawi yaitali osandipatsa moni. Sindinawaone cholakwa. Munda uja ndinayambitsa ndine.

Wanga anapita ku mishoni ndi kabokosi ka malata ndi bulangete lomwe tinachotsa pa mphasa yathu. Ine Lamulungu lotsatira ndinatenga khasu kupita m'munsi mwa phiri. Ndinalimako zaka zina zisanu, chifukwa kumbuyo kwake kunali ang'ono ake atatu.