Chotupa cha bambo m'njira ya ndulu

Mwaswera bwanji nonse? Tangofika kumene ndi bambo kuchokera kuchipatala cha pa Boma.

Maso achikasu aja si malungo ayi. Atawajambula pamimba, adokotala akuti pali kachotupa kamene katseka njira ya ndulu pochoka kuchiwindi. N'chifukwa chake bambo akumadzikanda ndi chitsononkho mpaka magazi.

Bambo afunsa kuti, “Tikapha mbuzi ndulu timataya. Osangoichotsa bwanji?” Adokotala ati vuto si nduluyo koma njira yake. Ine ndafunsa ngati ili khansa, ati sangadziwe mpaka akawapime ku Lilongwe. Mpaka pano mutu wanga sukugwira.

Kalata yopitira ndili nayo, koma bambo akuti sangachoke fodya akadali m'chigafa. Achimwene a ku Kapelula, inu amakumverani. Tiwakakamize kapena tidikire?