Manja a Amayi ndi Funso Langa

Ndinkachita digiri yachiwiri ya zachuma cha mayiko ku Mutare, ndipo kafukufuku wanga anali wa mmene makampani akuluakulu amayankhira pa zolakwa zawo. Amayi anga amatsuka nthochi pafamu ina ku Burma Valley. Mankhwala a m'madzi otsukirawo anawang'amba manja moti ankalephera kufinya chovala.

Abwana a kampani yogula nthochizo anaitanidwa kudzalankhula m'kalasi mwathu. Amayi atamva anati, "Ukawauze za manja angawa, mwanangu."

Abwanawo anatiuza mosaphethira kuti wantchito aliyense amalandira magolovesi. Ndinakweza mkono. Atandiloza, anzanga onse anatembenuka. Panalibe amene ankadziwa kuti ndinakulira m'komboni ya pafamu. Ndinangofunsa kuti, "Bwana, makalata ofunsira ntchito kwanu timatumiza kuti?" Anandipatsa khadi, ine n'kulandira ndi manja awiri, ndikunjuta.

Loweruka ndinakwera kombi kupita kwathu.

"Unawauza?" anafunsa amayi.

"Ndinawauza, amayi."

Anathamangira kwa anzawo a kushedi yotsukira nthochi kukalengeza kuti magolovesi akubwera, mwana wophunzira walankhula. Magolovesiwo sanabwere. Mpaka lero amayi amatukwana abwana aja kuti anandinamiza.